Kupita wekha ku Gold Reef City kuchokera ku Mzuzu, n'kugona potchipa

Nditawauza amayi kuti ndikupita ku Joni kukakwera akatungwe, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Ukupita ndi ndani?" Ndinati ndekha. Iwo anati, "Anzako amapita ku Joni kukasaka, iwe ukukataya." Sindinawatsutse. Kuno kumpoto, makamaka ife ochokera ku Mzimba, munthu akatchula Joni timangoganiza za maganyu ndi matiransipota obwera ndi mafiriji pa ngolo. Koma ndinapita, ndinagona masiku 3 pa kahotela kotchipa, ndipo chibwerereni anthu akhala akundifunsa mafunso omweomwewo pa WhatsApp: ndinayenda bwanji, ndinagona kuti, ndipo kupita wekha ku Gold Reef City kumakhala bwanji. Ndiye ndati ndingolemba kamodzi.

Gold Reef City ndi paki ya zosangalatsa yomwe ili ku Ormonde, cha kummwera kwa pakati pa mzinda wa Johannesburg. Anaimanga pa mgodi wakale wa golide wa Crown Mines, pa shafuti nambala 14, womwe unatsekedwa mu 1971. N'chifukwa chake mkati mwake muli ngati katauni ka makedzana, ka nthawi imene golide anangopezeka kumene m'derali mu 1886: tinyumba ta malata ta makhonde, zitsulo za mgodi zitaima chiriri, ndipo pakati pa zonsezo sitima za m'malere zikudutsa anthu akukuwa.

Yambani ndi tsiku, musanagule chilichonse

Anthu ambiri amayamba ndi tikiti ya basi. Ayi. Yambani mwatsegula tsamba la pakiyo pa intaneti n'kuona masiku amene ikhale yotsegula, chifukwa sukulu zikakhala zili mkati, masiku ena a kumayambiriro kwa sabata imakhala yotseka. Mungayende ulendo wonse uja n'kukapeza geti lili gwa.

Kenaka onani nthawi imene ana a sukulu a ku South Africa ali patchuthi, ndipo muipewe. Tchuthi chachikulu chimayamba mu December mpaka January ali mkati, china chimagwa kumapeto kwa June kulowa July. Nthawi zimenezo mizere imatalika ngati pa filing'i siteshoni mafuta atasowa. Tsiku labwino kwa munthu woyenda yekha ndi la mkati mwa sabata, ana ali m'kalasi.

Nyengo nayo muiganizire. Ife a ku Mzuzu timadzitama kuti kuzizira tinakuzolowera, koma Johannesburg ili pamwamba kutiposa, pafupifupi mamita 1,750, ndipo m'mawa wa June kumeneko umaluma zala. Kuyambira October mpaka March kumatentha bwino, koma masana dzuwa likapendeka kumakonda kugwa mvula ya mabingu, ndipo kukachita ziphaliwali akatungwe aatali amawaimitsa. Ine ndingasankhe May kapena September akangoyamba.

Pasipoti ndi ndalama

Mmalawi safunika viza kuti akacheze ku South Africa ngati sapitirira masiku 30. Ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, komwe basi imadutsa, nakonso amangodinda. Onetsetsani kuti pasipoti yanu sikutha posachedwa ndipo ili ndi masamba opanda chidindo, osachepera 2. Ngati ikufunika kukonzetsa, pitani ku ofesi ya Immigration kuno ku Mzuzu miyezi ingapo ulendo usanafike. Akakudindirani pa Beitbridge, malire a Zimbabwe ndi South Africa, werengani deti lomwe alemba musanachoke pa windo. Nthawi zina amapereka masiku ochepa kuposa 30, ndipo mukapitirira ngakhale pang'ono amakuletsani kulowanso dzikolo kwa nthawi.

Za marandi zonse mukuzidziwa kale mmene zilili kwathu kuno. Pitani ku banki msanga, mutatenga pasipoti ndi tikiti, ndipo muwafunse ngati khadi yanu igwire ntchito kunja komanso malire ake ndi angati. Malo ambiri ku Joni masiku ano amakonda khadi kuposa ndalama ya m'manja, ndipo tikiti ya paki ndi hotela mudzafuna kulipira pa intaneti. Ndalama ya m'manja muigawe patatu: ina m'thumba, ina pansi pa chikwama, ina pamalo omwe mukudziwa nokha. Palibe mnzanu wokubwerekani ikatayika.

Ulendo wake

Wa ndege ndi wosavuta kufotokoza: basi mpaka Lilongwe, ndege kuchokera pa Kamuzu International Airport mpaka bwalo la OR Tambo ku Joni, maola ochepa mwafika. Ine ndinapita pa basi, chifukwa nkhani yonse inali yosunga ndalama. Mumadutsa Chikangawa, Jenda, Kasungu, Lilongwe, n'kutulukira pa Dedza kapena pa Mwanza malinga ndi basi yake. Mumaoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare, kenaka Beitbridge, komwe kumadya nthawi kuposa malire ena onse. Werengerani pafupifupi masiku 2 muli pampando. Tengani bulangete laling'ono, ndipo musaike tsiku la paki mawa lake la tsiku lofika. Thupi lomwe lakhala chopindika kuchokera ku Mzuzu silingasangalale kulizunguza mozondoka.

Mabasi ambiri amatsitsa pa Park Station, siteshoni yaikulu ya pakati pa Joni, kapena pafupi napo. Mukafika usiku, khalani mkati mpaka kuche kapena mpaka galimoto yomwe mwaitanitsa itafika. Musatuluke mumsewu ndi chikwama, foni ili m'manja, mukuyang'anayang'ana. Uber ndi Bolt, mapulogalamu a pa foni oitanira galimoto, zonse zimagwira ntchito kumeneko. Muziike pa foni muli kuno, ndipo musanalowe galimoto yerekezani nambala yake ndi yomwe ili pa foni. Simukhadi ya Vodacom kapena MTN imafuna kulembetsa ndi pasipoti. Muigule tsiku loyamba lomwelo, popeza munthu ali yekha foni ndiye mnzake. Wotchi musaisinthe, nthawi yawo ndi yathu ndi imodzi.

Pogona: apa ndiye pali nkhani

Mkati mwenimweni mwa paki muli hotela, Gold Reef City Theme Park Hotel, ndipo tsidya la msewu, pa kasino, pali inanso. Onani mitengo yake kaye musanaganize kuti si zanu, makamaka ya mkati mwa sabata, ndipo muwerenge bwino ngati mtengowo ukuphatikiza chakudya cha m'mawa kapena tikiti yolowera m'paki. Nthawi zina mukaphatikiza zonse kusiyana kwake sikukhala kwakukulu monga mumaopera. Kwa ine, ndi kwacha yathuyi, zinali zosatheka, ndiye ndinafufuza timahotela ndi nyumba zogona alendo za m'madera oyandikira.

Ndalama yanu yochepayo muiike pa kuyandikira ndi chitetezo, osati pa kukongola kwa chipinda. M'chipindamo mungofika kugona mapazi akuwawa. Dziwe losambira, TV yaikulu, maluwa pa tebulo, zonsezo simudzaziona n'komwe. Chomwe chidzakupwetekeni ndi kulipira galimoto yotalika kawiri patsiku, kapena kugona mukumvetsera chitseko.

Ine ndinalakwitsa apa. Ndinaona kahotela kena kotchipa kwambiri, pa mapu kakuoneka kuti kali pafupi, ndinati ndizingoyenda wapansi ngati kuchoka ku Katoto kupita m'tauni. Nditafika ndinapeza kuti pakati pa ine ndi paki pali msewu waukulu wa magalimoto othamanga, wa mipanda mbali zonse, wopanda powolokera munthu. Nsanja ya mgodi ndinkaiona pawindo, koma kuti ndikafike ndinkayenera kuitana galimoto yozungulira nayo. Choncho pa Google Maps musangoyang'ana kutalika kwa mzere. Dinani pa kamunthu koyenda pansi muone njira yeniyeni, kenaka muone mtengo wa Uber kuchoka pamenepo, m'mawa ndi madzulo, n'kuwonjezera pa mtengo wa chipinda. Chotchipa chija mwina chisanduka chodula.

Musanalipire, alembereni uthenga muwafunse zinthu izi mosachita manyazi, pajatu safunsa anadya phula. Kodi pa risepushoni pamakhala munthu usiku wonse, poti basi ikhoza kuchedwa pa Beitbridge n'kufika 2 koloko usiku? Pali mpanda ndi mlonda? Bafa ndi la m'chipinda momwemo kapena logawana? Magetsi akazima ali ndi jenereta kapena sola? Angakusungireni chikwama mutatuluka m'chipinda tsiku lomaliza? Ngati ndi nyengo yozizira, funsaninso za hita ndi bulangete lachiwiri. Ndemanga za alendo muwerenge za miyezi yaposachedwa, ndipo muyambe ndi zodandaula. Munthu mmodzi akadandaula za phokoso, mwina ndi wovuta yekha. Anthu 5 akatchula loko wa chitseko, thawani.

Usiku wanga woyamba madzi otentha kunalibe. Ndinatsika m'mawa nkhope itakwinyika, ndipo mayi wina yemwe ankakolopa pakhonde anandimva ndikuyankhula pa foni. Anaimika mopu. "Achemwali, kwanu n'kuti?" Ndinati ku Mzuzu. Anaseka mpaka kugwira m'chiuno, iwo kwawo ku Nkhata Bay. Anandionetsa kaswitchi ka giza komwe kanali kuseri kwa chitseko cha bafa, kozimitsa, ndipo anandibwereka adaputa, chifukwa masoketi a kumeneko ndi a mabowo atatu ozungulira, pulagi yathu ya mano a makona anayi siilowa. Gulani adaputa musanafike kuchipinda. Si hotela iliyonse yomwe ili ndi mayi wa ku Nkhata Bay.

Mukangolowa m'chipinda yesani loko, tumizani dzina la hotela ndi nambala ya chipinda kwa m'bale mmodzi kunyumba, ndipo mugwirizane ola lomwe muzimuimbira tsiku lililonse. Mmodzi yekha, osati gulu lonse la banja, apo ayi tsiku lonse muzingoyankha mafoni ofuna muwagulire nsapato.

Tikiti ndi zonyamula

Tikiti gulani pa intaneti, pa tsamba la pakiyo, tsiku lisanafike, ndipo muijambule pa foni kuti netiweki ikavuta pa geti musasowe choonetsa. Mwina mupeza tikiti ya wokwera ndi ya wongoyenda n'kumaonerera. Musanamizidwe ndi kutchipa kwa yachiwiriyo. Simunachoke ku Mzuzu kukaonerera anzanu akukuwa.

Vuto lalikulu la kupita wekha si kusungulumwa ayi. Ndi chikwama. Mukakhala awiri, wina amagwira katundu wina akukwera. Muli nokha, chilichonse chomwe mwanyamula chiyenera kukwera nanu kapena kutsala poti simukuchiona. Ndiye nyamulani zochepa: kachikwama ka m'chiuno kokhala ndi zipi, foni, pawabanki, khadi, marandi pang'ono, kapepala ka pulasitiki kokulungira zonsezi, basi. Valani buluku la matumba a zipi ndi nsapato zomanga zingwe. Masilipasi amauluka. Azimayi anzanga, siketi ndi chitenje zisiyeni ku hotela, ndipo ngati mwavala wigi muganize kawiri. Ndinaona ndi maso anga ina ikutsika yokha mwini wake ali m'mwamba. Pasipoti muikulunge mu pulasitiki ikhale m'thumba la zipi lamkati, ndipo chithunzi chake chikhale pa foni ndi pa imelo. Ngati muli ndi juzi kapena katundu wina, funsani pa geti za malo osungitsa katundu.

Idyani mokwanira m'mawa, koma osati mphindi zochepa musanakwere. Chakudya cha m'paki ndi chodula, ngati mmene zimakhalira malo onse otere.

Mkati mwa paki

Fikani geti lisanatsegulidwe. Likatseguka, ambiri amaima kujambulana pa zinthu zoyamba kuziona. Inu adutseni mupite molunjika ku zazikulu, mizere isanayambe.

Ine ndinayamba ndi Anaconda. Imeneyi njanji yake ili pamwamba panu, mpando ukulendewera pansi pake, miyendo ili lendelende m'malere. Imakwera pang'onopang'ono, kulira kwa unyolo kuli kete kete kete, ndipo pa masekondi amenewo mumaona nyumba zitalizitali za Joni patali n'kudzifunsa chomwe mwalakwira amayi anu. Kenaka imakutembenuzani kangapo, musanadziwe kumwamba n'kuti mwafika kale. Nditatsika mawondo ankanjenjemera, koma ndinabwereranso pamzere pomwepo, ndipo panalibe wondiuza kuti tiyeni kwina.

Ubwino wina wa kukhala wekha uli pamzere. Mipando imakhala ya awiriawiri kapena anayianayi, ndipo gulu la anthu 3 likakwera pamatsala mpando umodzi. Woyang'anira akakweza chala kufunsa ngati pali amene ali yekha, kwezani dzanja msanga. Kangapo konse ndinadumpha anthu ambiri mwa njira imeneyi. Mumakhala ndi anthu osawadziwa, inde, koma palibe chimene chimagwirizanitsa anthu msanga ngati kukuwira limodzi.

Tower of Terror muiike yachiwiri, mtima usanabwerere m'mbuyo. Amakukwezani pamwamba pa nsanja, kagalimoto kamasendera kumapeto kwa njanji, n'kugwa chamutu kulowa m'dzenje pansi. Zimatha msanga kwambiri, koma mimba imatsala kumwamba. Ngati muli ndi vuto la mtima, BP yokwera, msana, kapena ndinu oyembekezera, werengani zikwangwani za pakhomo ndipo muzimvere. Palibe wokusekani, pajatu palibe wokudziwani. Golden Loop imakuponyani kutsogolo kudutsa m'chizungulire, kenaka imabwerera chafutambuyo njira yomweyo. Jozi Express ndi yofatsirako, yabwino kwa amene akufuna kuyesa kaye madzi ndi chala.

Zamadzi, monga bwato lozungulira la pa mathithi ndi chigogo chotsetsereka, muzikwere masana dzuwa lili pamutu kuti muume. Musazisiyire madzulo. Ine ndinanyowa mpaka mkati, marandi anga a pepala ndinawayanika pa benchi ndikuwapanikiza ndi foni, ana a sukulu ena akundiseka.

Dzuwa la kumeneko limawotcha ngakhale kukuzizira. Imwani madzi pafupipafupi. Mutu ukayamba kuzungulira khalani pansi theka la ola, popeza palibe woti akuoneni kuti nkhope yasintha.

Tsikirani mu mgodi

Mukangolowa m'mawa, funsani nthawi za ulendo wa pansi pa mgodi ndi chionetsero chothira golide wosungunula, ndiponso ngati tikiti yanu ikukwanira kapena muwonjezere. Izi zimayenda ndi ola, si zongofikira. Ambiri obwera ndi anzawo amazidumpha pothamangira akatungwe. Inu musatero.

Amakupatsani chisoti cholimba ndi nyali, mumalowa m'chikepe cha chitsulo, n'kutsika mamita 75. Kumeneko n'pamwamba chabe poyerekeza ndi komwe anthu ankakumba, koma n'kokwanira kuti mumve kuzizira kwa thanthwe ndi fungo la chinyontho. Wotitsogolera anationetsa chibowolero chomwe ankaswera mwala, n'kutiuza kuti tiganize phokoso lake m'kanjira kopapatiza chotero, tsiku lonse.

Agogo anga aamuna anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodi, monga anachitira amuna ambirimbiri a ku Mzimba ndi Nkhata Bay. Ena anabwera ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chosatha, ena anasanduka matchona. Mu 1974 ndege yobweza anthu a ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu anaimitsa kaye zotumiza anthu kumeneko. Agogo sankakonda kufotokoza za pansi. Ankangonena za mabelu a chikepe ndi Chifanakalo chomwe ankalankhula ndi akapitawo. Nditaima mumdima muja, anzanga a paulendowo akujambulana, ndinakhala chete kumbuyo, ndipo ndinayamika kuti ndinalibe munthu woti ndizimuyankha. Nditatuluka ndinakaona golide akuthiridwa mu chikombole, ali psuu ngati moto, n'kukhala kanjerwa kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi dzenje lomwe ndinali nditangochokamo.

Kudya wekha, zithunzi ndi madzulo

Manyazi amabwera nthawi ya nkhomaliro. Aliyense ali ndi banja kapena chibwenzi, inu muli ndi mbale. Idyani msanga cha m'ma 11:30 kapena mochedwa cha m'ma 2 koloko, mipando ili mbwee, ndipo mukhale poyang'ana njanji kuti muziona nkhope za okwera. Pakatha mphindi 5 mudzazindikira kuti palibe amene akukuwerengani. Mukakhala pa lesitilanti yoti akubweretserani chakudya pa tebulo, mwambo wa kumeneko ndi kuwonjezera pafupifupi 10 peresenti ya bilu kwa woperekera.

Zithunzi pemphani mayi yemwe ali ndi ana kapena wogwira ntchito wovala yunifolomu, ndipo inunso mudzipereke kuwajambula. Foni musaitulutse katungwe akuyenda. Gudumu lalikulu lozungulira lokweza anthu m'mwamba mulisiyire kumapeto, miyendo itatopa, muone mzinda ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi dzuwa likupendeka.

Paki imatseka kusanade. Itanani galimoto muli mkati mwa geti, batire ya foni isanafe, ndipo mubwerere ku hotela kukuwala. Chakudya chamadzulo gulani pa supamaketi kapena muitanitse kuchipinda. Ine ndinkadya papu ndi soseji yawo ija ya wors ndili pa bedi, ndikudandaula kuti papu wawo safika pa nsima ya ufa woyera ndi nsomba ya batala ya ku Nkhata Bay. Kasino ali pomwepo tsidya la msewu, magetsi ali phuliphuli. Ngati mukufuna kukaona, siyani khadi ku hotela. Munthu ali yekha alibe womukoka malaya.

Tsiku lachiwiri musabwerezenso paki. Pafupi pomwepo pali Apartheid Museum, yomwe inatsegulidwa mu 2001, ndipo ili ndi tikiti yakeyake. Tikitiyo imakuikani mwachisawawa m'gulu la azungu kapena la omwe si azungu, ndipo mumalowera khomo la gulu lanulo. Pamafunika maola 3 kapena kuposa, ndipo si malo opitako mutangotsika pa Anaconda, n'chifukwa chake ndikuti muwapatse tsiku lawolawo. Onaninso masiku ake otsegulira.

Tsiku lobwerera tulukani m'chipinda pa nthawi yake, sungitsani chikwama pa risepushoni ngati basi ndi yamasana, ndipo musiye marandi ena a madzi ndi zimbudzi za m'njira. Musaiwale kubweza adaputa ya eni ake. Ine yanga ndinakumbukira tili pa Musina, pafupi ndi Beitbridge, ndipo mpaka lero ili m'dirowa kuno ku Katoto, ikudikira munthu wopita ku Ormonde.